Msewu wa ku Chipata ndi Mabaji a Asilikali Akale

Wapaulendo wocokera ku Lusaka kunka kum'mawa amayamba kukumana ndi maina a nkhondo asanatuluke mu mzinda. Pali msewu wa Burma ndi kampu ya Arakan. Akaoloka Luangwa, nadutsa Nyimba, Petauke ndi Katete, amafika ku Chipata kumene kuli kampu ya Gondar. Maina onsewa ndi a maiko akutali. Ku Gondar, mu Ethiopia, asilikali a Italy anagonja mu 1941. Arakan ndi dera la ku Burma kumene anyamata a dziko lino analimbana ndi Ajapani.

Mbiri yomweyo ili gone m'midzi ya m'mbali mwa msewu uno, m'mabokosi acitsulo a agogo amene anabwerako ku nkhondo. M'menemo mumapezeka kabaji kamkuwa kamene kanali pa cisoti ca msilikali, ndipo wodziwa kukawerenga kamamuuza zambiri.

Coyamba ndico cithunzi. Mbalame ya miyendo yaitali, ya nthenga zagolide pamutu, monga zija zimasonkhana m'madambo a Luangwa, ndi cizindikiro ca Northern Rhodesia Regiment. Gulu limeneli linapatuka ku apolisi mu 1933, linamenya nkhondo ku Tug Argan mu Somaliland mu 1940, ndipo pa ufulu wa 1964 linasanduka Zambia Regiment. Baji ya lipenga ndi ya King's African Rifles, gulu la mu 1902, limene linalemba amuna ambiri a ku Nyasaland.

Caciwiri ndiyo korona, ngati ilipo pamwamba pa baji, pakuti ndiyo imaulula zaka. Korona yobulungira pamwamba ngati denga la nkhokwe ndi ya mafumu aamuna a ku Britain, kuyambira 1902 kufikira 1952. Korona yolowa m'kati pakati pake ndi ya Mfumukazi Elizabeth, ndipo inayamba kuoneka pa mabaji mu 1953. Motero baji ya korona ya mfumukazi siinapite ku nkhondo ya ku Burma, imene inatha mu 1945. Nayonso baji ya citsulo copepuka, conyezimira cosafuna kupukuta, ndi ya pambuyo pa nkhondoyo. Yamkuwa yakale kawirikawiri imaoneka yoperepeseka cifukwa ca kupukutidwa tsiku ndi tsiku.

Alipo anthu osonkhanitsa mabaji amene amawagula ndi ndalama, koma baji ikacoka pa mudzi imacoka yopanda dzina la mwini wake. Banja lanzeru limaisunga pamodzi ndi mendulo ndi kalata yotulukira usilikali, nililemba pa pepala dzina la agogo, mudzi wao ndi mfumu yao. Mdzukulu wodzadutsa pa cipata ca Gondar adzadziwa kuti mbiri ya maina aja inayambira pa khomo la kwao.