Abhi ali ku India, ine ndili pano

Lero nkhani yanga ndi ya pa TV, koma musathawe, werengani mpaka pansi.

Amene mumagula kapenta ndi nyemba patebulo langa mudziwa kuti m'mawa, makasitomala asanachuluke, pamsika pathu pamakhala khoti. Oweruza ndi azimayi a tomato ndi repu. Oimbidwa mlandu ndi Abhi ndi Pragya a mu Twist of Fate, sewero la ku India lija la pa Zee World. Kwawo limatchedwa Kumkum Bhagya, linayamba mu 2014, ndipo magawo ake anapitirira 2,000.

Kwa inu amene simuonera: Abhi ndi woimba wotchuka, Pragya ndi mphunzitsi wofatsa wovala magalasi. Aliya, mlongo wake wa Abhi, anaganiza kuti Pragya ndiye anamulanda Purab, mwamuna amene anali kumufuna, pamene Purab anali kukonda Bulbul, mng'ono wake wa Pragya. Abhi anakwatira Pragya kuti amukhaulitse, koma m'kupita kwa masiku anakondana zoona. Kuchokera pamenepo mtendere unasowa. Tanu, chibwenzi chakale, ati mimba ndi ya Abhi, pamene ndi ya mwamuna wina. Choonadi chitangotuluka, Abhi wachita ngozi ya galimoto, waiwala ndi mkazi wake yemwe. Kenako apatukana zaka 7. Abwererana, apatukananso zaka 20, agawana ana amapasa, Prachi kwa amake, Rhea kwa atate ake.

Ndiye anthu amakwiya maningi. Ena ati Pragya ndi wopusa, abisa zinthu m'malo mokamba. Ena ati Abhi alibe mutu, akhulupirira aliyense kupatulapo mkazi wake. Mayi wina wa tomato analumbira katatu kuti sadzaoneranso, katatu konse madzulo ake anali pampando. Tsiku lina mnyamata wa wilibala anatiseka: "Amayi, aja akagwirizana sewero latha. Nanga olemba adya chiyani?" Anakamba zoona. Ife amalonda tidziwa kuti munthu amabwerera pamsika chifukwa njala yabweranso. Olemba aja agulitsa njala yathu yofuna kuona awiriwo ali pamtendere, ndiye sangatikhutitse.

Ine ndinali kunena kuti sindionera zimenezi. Bodza. Ndimakhala pakona, Baibulo pamiyendo, diso limodzi pa TV.

Manje imvani zanga. Mwezi watha ndinatenga ndalama ya chilimba, imene ine ndi amake ana tinagwirizana kuti ndi ya malata, n'kupatsa mng'ono wanga amene anali pavuto. Sindinawauze. Anamvera kwa mlamu wawo. Sanakalipe, anangokhala chete, nanenso ndinakhala chete. Masiku 9, abale. Nsima ikuphikidwa, madzi osamba akuikidwa, pa Sande tikupita limodzi kutchalitchi, ine ndavala mkanjo ndikuwerenga Mawu kutsogolo, mpingo osadziwa kuti kunyumba kwathu mawu adutsira mwa mdzukulu. "Uwauze ambuye ako kuti mchere watha." Anthu a zaka 29 muukwati!

Usiku wa tsiku la 9 tinali pa TV monga mwa masiku onse. Pragya ali ndi nkhani pamtima, yoti akanangoinena mavuto onse akanatha, koma ali duu, ndipo Abhi watembenuka akutuluka pakhomo. Mtima unandipsa, ndinangomva ndakuwa: "Iwe Abhi, khala pansi ukambe naye mkazi wako! Pakamwa unapatsidwira chiyani?" Mdzukulu anaseka. Amake ana sanaseke. Anatsitsa voliyumu, nakamba osandiyang'ana: "Atate ake, Abhi ali ku India, sakumvani. Ine ndili pano."

Thukuta linandituluka ngakhale kunali kozizira. Ndinakumbukira 2 Samueli 12. Mneneri Natani sanayambe ndi kudzudzula Davide. Anamusimbira nkhani ya munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa ka mmphawi, mfumu n'kupsa mtima, n'kugamula mlandu pomwepo, osadziwa kuti ikudziweruza yokha. Ndime imeneyi ndailalikirapo kangapo, ndikuloza chala anthu. Sindinaganizepo kuti Natani wanga adzabwerera pa Zee World.

Tinazima TV, mdzukulu tinamutuma kukagona. Ndinapepesa, ndipo sichinali chapafupi, lilime la mwamuna wa msinkhu wanga limalemera pa mawu akuti pepani. Iwo anati: "Mukanandiuza, ndikanavomera, mng'ono wanu ndi m'bale wanganso. Chinandiwawa ndi kumvera kwa mlamu, ngati ndine mlendo m'nyumba mwanga." Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ine ndinafuna kulisenza ndekha, ndipo lero denga lathu likali kudontha. Malata sitinagule. Mvula ikabwera tiikanso beseni pakona, mpaka chilimba chidzatifikenso. Koma besenilo manje tiika tikukamba.

Chimene ndaphunzira ndi ichi. Abhi ndi Pragya ali ndi anthu olipidwa kuti aziwapatula. Ife palibe amatilipira, timadzipatula tokha, kwaulere. Pa TV zaka 20 zimadutsa usiku umodzi, anthu abwerako nkhope zili zomwezo. Kwa ife zaka zikapita zapita. Masiku 9 aja sindidzawapezanso, ndipo mmodzi wa ife akanaitanidwa mkati mwa masiku amenewo, wotsalayo akanapepesa kwa ndani?

Sindikuletsani kuonera, nanenso madzulo ano ndili pakona panga. Koma mukadzapsa mtima ndi Abhi kapena Pragya, mawu amene muwakuwirawo muwamvetsere bwino, mwina ndi anu. Kenako mucheuke, muone amene mwakhala naye pampando. Ngati pali nkhani imene yagona, ikambeni lero, musadikire gawo la mawa.

Ambuye, tsegulani pakamwa pathu m'nyumba zathu, mutichotsere kunyada kumene kumatitseka milomo. Amen.

Mukhale ndi tsiku labwino. Kapenta wafika watsopano, tionana pamsika.