Tinapita ku Yunivesite Kukaphunzira za Mbalame

Tsiku limene tinauza makolo athu kuti ku yunivesite tikuphunzira za mbalame, ena anaseka, ena anagwa mphwayi. Amalume anatifunsa kuti, "Kodi tinagulitsa ng'ombe kuti inu mukaphunzire za mpheta?" Funsoli linatilasa mtima, pakuti ifenso tinakula ndi legeni m'khosi, ndipo mbalame tinali kuiona ngati ndiwo cabe.

Maphunzirowa si amasewera ai. Tinali kudzuka m'mamawa, mame ali mbwee, titanyamula kabuku ndi magalasi oonera patali. Aphunzitsi anatizoloweza kupenya mlomo, mapazi, mapiko ndi kaulukidwe, ndi kuchera khutu ku kaliridwe. Mlomo wa mpheta ndi waufupi, woswera njere. Wa coso ndi wautali, woyamwira timadzi ta m'maluwa. Wa nkhwazi ndi wangowe, wong'ambira nsomba. Tinamva kuti Zambia ali ndi mitundu ya mbalame yoposa 750, ndi kuti ku Lochinvar kokha anawerengako yoposa 400. Mtundu uliwonse uli ndi maina awiri a Cilatini, monga anakonzera Carl Linnaeus m'buku lake la mu 1758. Tinawaloweza mainawo ndi kuyamba kudzimva anzeru.

Kudzimva kumeneku kunatha pa nkhani ya nsadzu. Pa cuti tinauza agogo, monyadira, kuti mbalameyi ichedwa Indicator indicator. Iwo anangomwetulira. Anatifotokozera mmene imaitanira munthu, mmene imaulukira mtengo ndi mtengo kufikira pa mphako ya njuci, ndiponso kuti wofula uci ayenera kuisiyirako zisa. Ife tinayesa nthano za akale. Koma tinadzawerenga kuti mu 2016 katswiri Claire Spottiswoode ndi anzake anaonetsa kuti ku Niassa, m'dziko la Mozambique, nsadzu imamvadi mfuu yapadera ya alenje a uci a Ciyao, ndipo akaiitana motero amapeza njuci kawirikawiri. Zimene akatswiri anayesa ndi manambala, agogo anazidziwa osagwirapo colembera. Tinagwidwa ndi manyazi.

Kuyambira pamenepo tinaika mzere wina m'kabuku kathu, wa dzina la kwathu: pumbwa, namzeze, kakowa, nang'omba. Cotidetsa nkhawa ndi cakuti mzerewu udzala movutikira, cifukwa odziwa mainawa akutha, ndipo ana athu zonse angozicha "kambalame". Cinthu cimene munthu sacidziwa dzina, cikasowa sazindikira. Pali mbalame yoyera ya mapiko akuda, Chaplin's Barbet, imene sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi koma m'Zambia muno, makamaka ca ku Choma ndi m'madera oyandikana ndi mtsinje wa Kafue. Moyo wake wonse uli pa mikuyu: imadya nkhuyu ndi kuboola cisa m'nthambi zake. Tikatha mikuyu, tatha mbalameyo, ndipo kulibe dziko lina lokaibwerekako.

Buku la Genesis litiuza kuti Mulungu anabweretsa nyama ndi mbalame kwa Adamu kuti aziche maina. Nchito imeneyo sinathe, ndipo si ya ophunzira okha. Inu makolo, madzulo mukamva kulira kwa mbalame, muuzeni mwana dzina lake. Ife tapeza kuti mwana wodziwa dzina amayamba waganiza asanakoke legeni.

Amalume sanaleke kulira ng'ombe yao. Koma masiku ano tikafika kumudzi, iwo ndiwo amayamba kutifunsa kuti, "Kodi ija ikulira kudambo mwailemba?"