Ulendo wa ku Phiri la Kangankunde

Titaswali Fajr tidanyamuka ku Mangochi, kudzera pa Ulongwe ndi pa Liwonde, ndipo dzuŵa lisanatenthe tidali m'boma la Balaka. Phiri la Kangankunde si lalitali ayi, koma limaonekera patali popeza lidaima pachigwa.

Mphunzitsi wa sayansi amene adatiperekeza adatola mwala wa timadontho tobiriŵira. Adati timeneto ndi monazite, ndipo muli zitsulo zosoŵa monga lanthanum. Chitsulochi adachitulukira Carl Gustaf Mosander ku Sweden mu 1839, ndipo dzina lake lidachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kubisala.

"Nanga aphunzitsi, ife a kunyanja chitithandiza chiyani?" tidafunsa.

Iwo adatikumbutsa za ana a kwathu a mano a maŵanga ofiirira. Kaŵirikaŵiri gwero lake ndi fluoride, mchere wochokera m'miyala, akachuluka m'madzi a pamjigo. Wochepa amalimbitsa mano, koma bungwe la WHO limati asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi.

Tsono atomu imodzi ya lanthanum ikagwirana ndi maatomu atatu a fluorine, pamabadwa lanthanum fluoride, kamwala koonekera ngati galasi, kosasungunuka m'madzi. M'kati mwake muli timipata momwe fluoride amadutsa, pamene michere ina yambiri imalephera. Mu 1966 Frant ndi Ross a ku America adaika kamwalaka kunsonga kwa chida chamagetsi. Akachiviika m'madzi, mphamvu ya magetsi imasintha molingana ndi kuchuluka kwa fluoride. Subhanallah! Mtundu wa chitsulo umene Allah adaubisa m'phiri lathu ndi womwewo umene umaulula zobisika m'madzi.

Pobwerera tidaima pamjigo kuchita udhu wa Dhuhur. Madzi adali oyera mbee, ozizira bwino. Apa mpamene tidamvetsa kuti maso sangatiuze kanthu: fluoride saoneka, sanunkha, ndipo kuŵiritsa madzi sikumuchotsa. Maŵangawo amayamba mano akamapangika, mwana asanafike zaka 8, ndipo mswaki suwafafaniza.

Abale ndi alongo, ana ndi amana imene tidapatsidwa. Tiyeni tifunse alangizi a zaumoyo ngati madzi a pamjigo wathu ndi a pamzikiti adayezedwapo fluoride. Akapezeka wochuluka, ana aang'ono tiwatungire madzi akumwa kwina kumene adayeza. Insha Allah, adzatithokoza akadzakula.