Mukumwanso Chiyani?

Ntchito yanga ndi yopereka mankhwala pa zenera la chipatala kuno ku Chifunde. Ambiri amaiona ngati yongowerenga mapiritsi n'kuwathira m'kapepala. Ine ndimati mtima wa ntchitoyi ndi funso lomwe ndimafunsa ndisanapereke kanthu: "Mayi, bambo, mukumwanso chiyani?" Mankhwala awiri akhoza kukhala oyenera onse, koma akakumana m'thupi limodzi n'kuyamba kulimbana.

Taonani TLD, piritsi lomwe dziko la Mozambique lidayamba kupereka kwa anthu omwe ali ndi HIV mu 2019. Muli dolutegravir m'menemo. Munthuyo akadwalanso chifuwa chachikulu amalandira rifampicin, yemwe amachititsa chiwindi kuchotsa dolutegravir msanga m'magazi, ndiye timawonjezera piritsi lina la dolutegravir la mamiligalamu 50 loti amwe pakatha maola 12. Rifampicin yemweyo amafooketsa mapiritsi olera ndi kulera kwa pamkono, mayi n'kuima asakuyembekezera. Mapiritsi owonjezera magazi ndi a chilungulira amamata dolutegravir m'matumbo asanalowe m'magazi. Ndimauza wodwala kuti ayambe wamwa TLD, papite maola 2, enawo abwere pambuyo. Mayi woyembekezera amene amamwa Bactrim tsiku lililonse sapatsidwa Fansidar wa ku sikelo, pakuti onsewa ndi a mtundu wa salfa. Amene sagwirizana ndi salfa amatuluka zidzolo, nthawi zina matuza m'kamwa ndi m'maso, ndipo ameneyo asiye kumwa n'kubwera tsiku lomwelo.

Ena amati, "Adokotala alemba kale, iwe ukufunsiranji?" Adokotala amalemba molingana ndi zomwe auzidwa. Boma lathu lili m'malire a Zambia ndi Malawi, ndipo anthu amawoloka pa Cassacatiza kupita ku Katete, ena amalowera ku Malawi, kukagula malonda, kukaona abale, n'kulandira mankhwala komweko. Makhadi a uko sitiwaona. Mankhwala a malungo omwe kuno timati Coartem, ku Malawi amati LA. Wosadziwa angamwe onse poganiza kuti ndi osiyana. Onjezani brufen wogula pamsika, yemwe akamwedwa masiku ambiri pamodzi ndi tenofovir wa mu TLD amalemetsa impso, komanso zitsamba zomwe wodwala sazitchula poopa kudzudzulidwa. Zonsezi zimakumana pa zenera langa pokha.

Chodandaula china n'chomveka ndithu: mzere ndi wautali, ndipo munthu sangatchule ma ARV pomwe mnansi wake waima kumbuyo akumvetsera. Manyaziwa sindiwapeputsa, chifukwa m'mudzi nkhani imathamanga. Koma kusiya kufunsa sikuthandiza iyeyo. Ndimatsitsa mawu, ndimamuitanira pambali, ndipo ndimapempha aliyense kuti pobwera azinyamula mapaketi onse a mankhwala amene akumwa, ngakhale otha, pamodzi ndi makhadi a zipatala za kutsidya. Sayenera kutchula dzina la matenda ake pagulu. Angondipatsira kathumbako, ine ndiwerenga ndekha.