Wotuta mapazi a olemba mapulogalamu

Anthu a pa Nkando amandidziwa ngati wokonza makompyuta, koma ntchito imene imandidyetsa ndi ina. Ndili m'kagulu ka olemba mapulogalamu, ena ali ku Blantyre, ena ku Lilongwe, ine kuno m'mphepete mwa msewu wa Midima. Gawo langa ndi kututa mbiri ya zonse zimene anzangawo achita pa code yathu n'kuiika mu nkhokwe ya deta, kuti wofuna kudziwa mmene ntchito ikuyendera asamadalire mphekesera.

Code yathu timaisunga ndi Git, chida chimene Linus Torvalds anapanga mu 2005, ndipo imakhala pa GitHub, kampani imene Microsoft inagula mu 2018. Munthu akasintha kanthu amasunga kusinthako ngati commit, yokhala ndi dzina lake, nthawi, ndi chizindikiro chakechake cha zilembo ndi manambala 40. Akafuna kuti ntchito yake ilowe m'pulogalamu yaikulu amatsegula pull request, mnzake n'kuiwerenga, kufunsa apa ndi apo, kenako kuivomera. Zonsezi zimasiya mapazi. Ngakhale mapulogalamu a m'zipatala zathu amalembedwa chonchi: code ya OpenMRS, imene amagwiritsa ntchito ku Neno, ndi ya DHIS2, yosonkhanitsira malipoti a Unduna wa Zaumoyo, ili poyera pa GitHub pomwepo.

Koma GitHub anaimanga kuti anthu azigwirirapo ntchito, osati kuwerengerapo masamu. Mukafunsa kuti chaka chathachi pull request inkadikira masiku angati isanawerengedwe, yankho simulipeza pa tsamba limodzi. Mpaka mbiri yonse itsike, iyalidwe m'matebulo. Nkhokwe yathu ndi PostgreSQL: tebulo la ma commit, la ma pull request, la ndemanga, ndi la anthu.

Njira zotutira ndi ziwiri. Yoyamba ndi webhook, pomwe GitHub imagogoda yokha pa seva yanu chinthu chikangochitika. Ndi yachangu, koma ilibe chipiriro. Imadikira masekondi 10, ndipo ikapanda kuyankhidwa siibweranso yokha. Amene tinaona namondwe Freddy mu Malichi 2023, magetsi ndi netiweki zitasowa m'madera ambiri a Mulanje, sitingaike seva yotere patebulo la kunyumba. Yathu ndi yobwereka, ili kutali, ndipo laputopu yanga ya pa sola ndi yongoilamulira.

Njira yachiwiri ndi kupita kukafunsa nokha kudzera pa API. Apa pali malire: wokhala ndi token (chiphaso chomuzindikiritsa) amaloledwa kufunsa ka 5,000 pa ola, wopanda token ka 60 kokha, ndipo tsamba limodzi silibweretsa zinthu zoposa 100. Choncho sungatute zonse usiku uliwonse. Pulogalamu yanga imalemba pamene inalekezera dzulo, n'kuyambira kumbuyo pang'ono kwa pamenepo kuti pasatsale kanthu pakati. Ndimagwiritsa ntchito njira zonse ziwiri: webhook ya masana, ndi kalondolondo wa usiku wotola zimene zinagwa m'njira.

Kututa ndi kosavuta. Luso lili pa kuyeretsa. Popeza ndimabwerera m'mbuyo dala, chinthu chimodzi chimafika kawiri kapena katatu, ndiye tebulo lililonse liyenera kuzindikira chimene lili nacho kale, n'kuchikonza m'malo mochiwonjezera. Ndiponso mbiri ya Git imalembedwanso. Munthu akachita rebase, ntchito yomweyo imatuluka ndi zizindikiro zatsopano, zakale n'kuzimiririka, ndipo wotuta wosachenjera amawerenga ntchito imodzi ngati ziwiri. GitHub nayo imaona pull request iliyonse ngati issue (lipoti la vuto), kotero ukapanda kusefa, chiwerengero cha mavuto a pulogalamu chimafufuma popanda vuto lenileni.

Nthawi nayo ndi msampha. GitHub imapereka nthawi ya UTC, imene ili kumbuyo kwa yathu ndi maola 2. Ntchito imene mnzanga anatumiza 1 koloko usiku wolowera Lolemba imaoneka ngati ya Lamlungu, n'kugwera m'sabata yolakwika. Komanso commit ili ndi nthawi ziwiri, imene inalembedwa ndi imene inalowetsedwa, ndipo kwa ife ogwira ntchito popanda intaneti n'kutumiza bandulo ikapezeka, kusiyana kwa tsiku lolemba ndi tsiku lofika pa GitHub kumakula. Mayina ndiye chisokonezo: munthu mmodzi ali ndi imelo ya kuntchito, ya kunyumba, ndi ina ya pa laputopu yobwereka. Ndimawaphatikiza ndi fayilo yotchedwa .mailmap, ndipo maloboti ngati Dependabot ndimawapatula, apo ayi loboti ndiye ingaoneke yakhama kuposa tonse. Maimelo enieniwo salowa m'malipoti, chifukwa ndi zinthu za munthu payekha, zimene lamulo la Data Protection Act la 2024 limateteza.

Nkhokwe ikadzaza, funso loyamba la bwana aliyense limakhala lomwelo: "Achimwene, ndani akulemba kwambiri?" Ndimayankha mwaulemu kuti, "Bwana, chiwerengerocho ndikhoza kukupatsani, koma chikusokeretsani." Wogula nandolo pamsika wa Nkando sawerenga matumba, amayeza pa sikelo, chifukwa thumba lina ndi lodzaza, lina ndi la theka. Wina amagawa ntchito yaing'ono m'ma commit ambirimbiri. Wina amatha sabata akusaka vuto limodzi n'kulikonza ndi mzere umodzi. Wina salemba kwenikweni, koma ndi amene amawerenga ntchito ya achinyamata n'kuwawongolera. Mukayamba kuyamikira anthu ndi chiwerengero cha ma commit, mwezi wotsatira ma commit achuluka, pulogalamu ili pomwepo.

Zimene ndimaika pa lipoti ndi za gulu lonse. Ofufuza a gulu lotchedwa DORA anatchula miyeso 4: timatulutsa pulogalamu yatsopano kangati, kusintha kumatenga nthawi yotani kuti kufike kwa ogwiritsa ntchito, ndi kangati pamene kusinthako kumawononga zinthu, ndipo zikawonongeka timakonza msanga bwanji. Pamwamba pake ndimawonjezera nthawi imene pull request imakhala osawerengedwa, ndi zigawo za code zimene munthu mmodzi yekha ndi amene amazikhudza. Kwathu kuno katswiri akapeza ntchito ku Joni kapena ku bungwe lalikulu, amapita ndi zonse zimene ankadziwa. Lipoti likaonetsa chigawo chotere, timamupatsa mnzake woti aphunzire naye mwini wakeyo akadalipo.