Motoka yokalamba imayamba kudandaula ku miyendo

Motoka zambiri zimene timakwera mu Chipata muno ndi zamsinkhu umodzi ndi inu amene mukuwerenga, zina ndi akulu anu. Imani pa Kapata m'mawa muziwerenge: Corolla, Spacio, Sienta, Noah, Probox. Zonsezi zinabadwira ku Japan, zinatumikira eni ake oyamba pa misewu yosalala, kenako zinakwezedwa m'sitima mpaka ku Dar es Salaam, n'kulowa muno pa Nakonde. Kumeneko motoka yatsopano ikatha zaka zitatu imapita kukayesedwa, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako kumadya ndalama, choncho ambiri amaona kuti bola kuigulitsa. Ife timailandira ndi manja awiri, pajatu iwo ndi ife tonse timayenda kumanzere kwa msewu. Imafika ikununkhira bwino, osadziwa kuti kutsogolo kuli matumba a feteleza, maliro, ndi njira ya kumudzi.

Yathu ndi Corolla ya 1998, ya banja lonse. Timasonkherana anayi. Mita yake inadutsa kale makilomita 300,000, ndipo ambiri mwa omalizirawa inawapeza pakati pa tauni ndi kwathu kufupi ndi Mtenguleni, ulendo wa makilomita pafupifupi 40 mukalowera cha ku Katete. Anthu akamaiona amafunsa funso limodzi: "Injini ikali bwino?" Inde ikali bwino. Injini za Corolla za zaka zimenezo sizifa wamba ngati mukuzipatsa oyilo pa nthawi yake. Palibe anatifunsapo za miyendo yake, chonsecho ndalama zathu zambiri zimathera kumeneko.

Chifukwa chake sichovuta kumvetsa. Injini ili ngati mwana wakhanda: mukainyalanyaza imalira, imatentha thupi, kenako imangoima pamsewu anthu akuonerera. Manyazi amenewo amatikakamiza kuisamala. Koma zapansi, mashoki, masipulingi, mabushi ndi timfundo tonse togwirizira wilo, zili ngati ambuye athu amene amapitabe kumunda bondo likupweteka. Motoka imalira bwinobwino m'mawa, imanyamuka, imafika. Kungoti pansi pamamveka "gu-gu-gu" mukaponda kadzenje. Ndiye mankhwala amene madalaivala ambiri anatulukira ndi kukweza wailesi. Ife amene timathandizako pa wailesi ya m'dera timakondwa mukamatimvera, koma osati mwanjira imeneyo chonde.

Tiyeni tigone pansi pa motoka pang'ono, chifukwa ambiri timangotchula "mashoki" pa phokoso lililonse. Chimene chimanyamula kulemera kwa motoka ndi sipulingi, osati shoki. Sipulingi ikafinyidwa imabwerera, ndipo ikasiyidwa yokha imapitiriza kudumphadumpha. Shoki ndi chitini cha oyilo chokhala ndi kandodo mkati. Oyiloyo amakakamizidwa kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, n'kuletsa kudumphako. Ntchito yake yeniyeni si kukupatsani mtendere pampando, ndi kusunga tayala litagunda pansi. Tayala lililonse limakhudza msewu pa malo aakulu ngati chikhatho chanu. Zikhatho zinayi basi, ndi zimene zimagwira motoka yonse pokhota ndi poima. Shoki ikatha, tayala limayenda modumpha, ndipo pamene lili m'mwamba mabuleki alibe chogwira. Mbuzi ikatulukira pamsewu, kapena mwana wa njinga akapepesuka ndi thumba la makala, motoka ya mashoki akufa imaima patali kuposa pamene dalaivala amayembekezera.

Koma pali kanthu kena kamene timakaopa kuposa shoki. Ball joint ndi kamfundo konga ka m'chiuno mwa munthu: mpira wachitsulo wokhala m'kachikho, wopakidwa girisi, wovekedwa kasokosi ka labala. Ndi kamene kamagwira wilo lakutsogolo kunsi kwake. Kasokosi kakang'ambika, girisi amatuluka, fumbi ndi madzi zimalowa, ndipo mchenga umayamba kupera chitsulo pang'onopang'ono mpaka tsiku limene mpira uja utuluka m'chikho. Munaionapo motoka itagwada pamsewu, wilo limodzi litapindikira kunja ngati mwendo wa nkhuku yothyoka? Ndi zimenezo. Zikachitika mukukhota pang'onopang'ono pa Down Shops, anthu amangoseka n'kukuthandizani kukankha. Zikachitika pa liwiro la pa Great East, mutu wa basi ya ku Lusaka ukubwera kutsogolo, nkhani yake imakathera kumanda. Tie-rod end ndi mng'ono wake: ndi imene imatenga mawu a chiwongolero kukawafikitsa ku wilo. Ikaduka, mumazungulitsa chiwongolero koma wilo limapita kumene lifuna.

Msewu waukulu sitingaunene kwambiri. Chiukonzereni kuchokera pa mlatho wa Luangwa mpaka ku Mwami, ulendo wa ku Mtenguleni unafupika. Miyendo ya motoka imadyeka mukangosiya tala. Njira za kumidzi m'chilimwe zimachita mizeremizere ngati malata, ndipo shoki imagwedezeka mosapuma mpaka oyilo wa mkati atatentha n'kupyapyala. Mvula ikabwera madzi amakumba ngalande zodutsa pakati panjira, n'kuzibisa ndi matope. Onjezani mahampu a m'tauni ndi a pa malo a malonda, amene ena timawadumpha ngati tikuthawa ngongole. Kenako katundu. Corolla inapangidwira anthu asanu ndi tizikwama tawo. Thumba la feteleza ndi makilogalamu 50. Asanu m'buti ndi 250, kulemera kwa akuluakulu atatu kapena anayi atakhala kumbuyo kwenikweni kwa mawilo. Pamwamba pake anthu anayi pampando wakumbuyo, awiri kutsogolo pambali pa dalaivala. Sipulingi imaphwatalala mpaka pothera, ndipo dzenje lililonse limamenya chitsulo pa chitsulo.

Zonsezi zimaonekera poyera pa Chiwelu chomaliza cha Febuluwale, tsiku la Nc'wala. Mwambowu unayambiranso mu 1980, ndipo chaka ndi chaka umakula. Sabata imeneyo, Inkosi ya Makosi Mpezeni akachoka ku Ephendukeni kupita ku Laweni, chilichonse chokhala ndi mawilo anayi mu Chipata chimasanduka takisi. Motoka zimene zinagona pa njerwa kuyambira Khirisimasi zimadzutsidwa. Dalaivala amafuna kupanga maulendo ochuluka dzuwa lisanalowe, anthu amafuna kukafika ma impi asanalowe m'bwalo, ndipo Febuluwale ndi pakati pa mvula. Motoka zimaimikidwa m'minda, zimatitimira, zimakokedwa ndi zingwe zomangidwa paliponse pamene dzanja lafika. Tinaonapo anyamata akumanga chingwe pa control arm n'kukoka ndi Land Cruiser. Motoka inatuluka m'matope, inde, koma inabwerera ku tauni ikuyenda chammbali ngati nkhanu. Madzulo, anthu atatopa ndipo ena atalawako, mzere wonsewo umabwerera pa msewu umodzi. Ngati pali tsiku limene ball joint yotopa imasankha, ndi limeneli.

Makanika athu ndi mdala wa mawu ochepa amene amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango. Alibe kompyuta. Ali ndi jeke, chitsulo chachitali chotengulira, ndi makutu. Amakweza wilo m'mwamba, n'kuligwira pamwamba ndi pansi, kuligwedeza. Likagogoda, amakayikira ball joint kapena bearing. Kenako amaligwira kumanja ndi kumanzere. Likasewera, ndi tie-rod end kapena rack end. Amalowetsa chitsulo chija pa mabushi a control arm kuona ngati labala yang'ambika. Akatsitsa motoka, amaitsamira pakona ndi thupi lonse n'kuisiya: ikakwera kamodzi n'kukhazikika ili bwino, ikapitiriza kuvina ndiye kuti shoki yafa. Amasisita shoki ndi chala. Chikatuluka ndi oyilo wosakanikirana ndi fumbi, amangotionetsa chalacho osanena kanthu. Amayendetsanso chikhatho pa tayala. Lodyeka mbali imodzi ndi nkhani ya alignment. Lodyeka mabalamabala ngati chimanga chojedwa ndi mbewa ndi shoki.

Tsiku lina tinawafunsa kuti, "A mdala, nanga kaphokoso kaja ka 'ke-ke-ke' pa njira ya fumbi?" Anaseka. "Imwe ana anga, chimene chikusokosa kwambiri ndi stabiliser link, kanthu kotchipa, sikangakupheni. Chimene chingakupheni chikungonong'ona." Ndi chifukwa chake sitikonda kugula sipeya ndi khutu lathu tokha. Phokoso lalikulu ndi vuto lalikulu si zinthu zimene zimayendera limodzi nthawi zonse.

Ndalama sizikwana kukonza zonse pamodzi, ndipo amene angakuuzeni kuti "sinthani zonse" sanakhalepo ndi motoka ya zaka zoposa 25 pa malipiro a ku Chipata. Ndiye pamafunika kudziwa chimene chingadikire. Kwathu ball joint ndi tie-rod end sizidikira; zikapezeka zikusewera, motoka imagona mpaka ndalama zitapezeka, ngakhale wina akhale ndi ukwati wa mnzake ku Katete. Pambuyo pake matayala ndi mabuleki, kenako mashoki, ndipo amasinthidwa awiriawiri, kumanja ndi kumanzere, chifukwa shoki yatsopano mbali imodzi ndi yakufa mbali inayo zimapangitsa motoka kupendama pokhota. Mukasintha chilichonse cha chiwongolero, pitani ku alignment tsiku lomwelo. Anthu amaithawa poganiza kuti akupulumutsa ndalama, kenako n'kugula tayala latsopano miyezi itatu isanathe.

Pa masipeya timasiyana maganizo ndi anzathu ambiri. M'mashopu muli atsopano enieni, okwera mtengo; atsopano otchipa m'mabokosi okongola; ndi a salaula ochotsedwa ku motoka zodulidwa pakati. Salaula sitiinyoza. Sipulingi, chitsulo cha control arm, hub, zinthu zimene maso angaone ngati zili bwino, timagula zakale mosadandaula, ndipo nthawi zambiri zimaposa zatsopano zotchipa. Koma shoki ya salaula ndi kugula nkhuku ili m'thumba: simudziwa makilomita amene inayenda. Mashoki obooledwa n'kuthiridwa oyilo wina amalimba sabata zoyamba, kenako amabwerera mwakale. Mabushi osemedwa ku tayala lakale, amene anyamata athu amawadula mwaluso ndithu, ndi abwino pa stabiliser kapena popachika ekizozi, koma pa control arm amauma kwambiri n'kutumiza nkhonya yonse ku zitsulo zina. Ndipo chilichonse cha chiwongolero chimene chapita kwa wowotcherera sitikwera, ngakhale atatilumbirira.

Ma spacer okweza motoka ndi nkhani ina. Pafupifupi Corolla ndi Spacio iliyonse ya kumudzi inakwezedwa, ndipo tikumvetsa: motoka ya ku Japan ndi yaifupi, imakwapula mimba pa mtumbira uliwonse. Yathunso inakwezedwa pang'ono. Koma mukapyola muyeso, ma CV joint amagwira ntchito atapindika, timasokosi take timang'ambika msanga, ndipo mumayamba kumva "ta-ta-ta" pokhota. Palinso kachinsinsi kamene mdala uja amakakamira: mabawuti a mabushi amamangidwa komaliza motoka itatsika pansi, itaima pa matayala ake. Mukawamanga ili pa jeke, labala imapotoka motoka ikangotsika, ndipo bushi yatsopano imang'ambika isanaone mvula yachiwiri. Makanika wothamangira kasitomala wotsatira sachita zimenezi. Imani pomwepo muone.

Pepala la fitinesi la RTSA liyenera kukhalapo pa galasi, koma limanena za tsiku limene motoka inayesedwa. Silidziwa dzenje limene munaponda sabata yatha. Matayala nawonso ali ndi zaka: pambali pake pali manambala anayi omaliza, awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo ndi chaka. 2316 ndi sabata ya 23 ya 2016. Tayala la salaula likhoza kukhala ndi mano akuya koma labala yake itauma n'kuchita ming'alu.

M'banja mwathu mkangano umabwera mwezi uliwonse tikamaika ndalama m'kabokosi ka motoka, kachilimba kathu kopanda wolandira. Wamng'ono amafuna marimu onyezimira ndi masipika. Ali ndi mfundo yake: motoka yooneka bwino imapeza ma booking. Koma motoka yomweyi ndi imene imadzutsidwa pakati pa usiku foni ikalira kuchokera kumudzi kuti ambuye apuma movutikira, ndipo iyenera kupita mumdima, kudutsa ngalande zija, n'kubwerera nawo ku Chipata Central Hospital mwaliwiro limene sitiyendapo masana. Ku Mtenguleni usiku simungaimike takisi pamsewu ngati pa Kapata. Mkangano umathera pamenepo, mpaka mwezi wamawa.

Tikudziwa kuti tsiku lina mdala adzagogoda pamwamba pamene shoki imamangirira ku thupi la motoka n'kupeza chitsulo chang'aluka kapena chadyeka ndi dzimbiri. Pamenepo sipadzakhalanso sipeya yogula. Injini idzapita kukatumikira Corolla ina, ndipo chigoba chidzakhala cha nkhuku. Sitinafikepo. Januwale uno tasintha ma ball joint onse awiri ndi tie-rod end ya kumanzere, tapita ku alignment, ndipo ya Nc'wala ikwana. Mashoki akumbuyo ayamba kutuluka thukuta, koma adikira soya agulitsidwe. Kufikira nthawiyo m'buti mukulowa matumba awiri okha, ndipo amalume amene amafuna asanu akwiya kale.