Madzi a Kuchilendo

Mlendo akafika mumzinda waukulu wa dziko lina, amachita chidwi ndi nyumba zitalizitali. Ludzu likamugwira, amangoti madzi onse a m'mipope ndi abwino. Komatu madzi ooneka oyera angathe kukhala ndi tizilombo tosaoneka ndi maso.

M'chaka cha 2008, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe mudasowa mankhwala othira m'madzi, ndipo zonyansa za m'zimbudzi zidalowa m'madzi akumwa. Matenda a kolera adafalikira, ndipo pofika 2009 adapha anthu oposa 4,000 m'dzikomo.

Choncho mlendo wanzeru amayamba wafunsa eni mzinda za madzi awo. Akakayika, amawiritsa madziwo mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, nawavundikira kuti azizire. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.